Chetechete Sautsa Nyama

Abale anga a ku Kanyama, a ku Matero, a ku Chawama ndi nonse okhala m'makomboni a Lusaka, senderani kufupi, pakuti nkhani ya lero ndi yaitali. Ndi yakalenso, koma paja mawu a akulu amakoma akagonera. Ana athu kusukulu amaloweza dzina la David Livingstone limodzi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya ndi chaka cha 1855, akalemba mayeso n'kuiwala. Za mathithi tisataye nazo nthawi, eni dera ankawaona mzunguyo asanabadwe. Ine ndafuna tikambe za makalata ake. Dokotala ameneyu, yemwenso anadzozedwa ubusa ku London mu 1840, m'zaka zake zomaliza ankati akagwira cholembera, dzanja linkathamangira nkhani imodzimodzi, ya anthu ogulidwa ndi kugulitsidwa.

Tiyambire pa 16 Julayi 1861, pamudzi wa Mbame, kumtunda kwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi pamene lero pali mzinda wa Blantyre ku Malawi. Livingstone ankaperekeza Bishopu Charles Mackenzie kukafuna malo omangapo mishoni. Ali chipumire, kuseri kwa phiri kunatulukira mzere wautali wa anthu, amayi ndi ana atamangidwa zingwe, amuna ali m'magoli. Goli la kapolo unali mtengo wa mphanda wotalika kuposa munthu. Khosi linkalowa pamphandapo, kukhosi n'kupingasa chitsulo chokhomerera mbali zonse ziwiri. Oyendetsa ulendowo, anthu akuda anzathu otumidwa ndi amalonda a ku Tete, ankabwera monyada, mfuti m'manja, akuliza malipenga. Atangoona azungu analiyatsa liwiro kulowa m'tchire. Zingwe za amayi zinadulidwa ndi mipeni, koma magoli anavuta, mpaka wina anakapisa m'katundu wa bishopu n'kupezamo sowo. Mwiniwake panalibe, anali atatsikira kumtsinje kukasamba. Anadula goli limodzilimodzi. Omasulidwa tsikulo anali 84, ambiri amayi ndi ana, ndipo amayiwo anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenzawo adye ndi ana. Nkhuni zake anali magoli omwewo.

Kenaka anayamba kusimba za m'njira. Dzulo lake amayi awiri anawomberedwa chifukwa choyesa kumasula zingwe. Mayi wina anamuphera khanda poti analephera kunyamula mwana ndi katundu nthawi imodzi.

Wina akanamva zimenezi, kupukusa mutu, kunena kuti dziko laipa, n'kupitiriza ulendo wake. Ambiri a ife timatero. Livingstone anatenga kope nalemba tsiku, mudzi, chiwerengero cha anthu, kumene ankapita nawo, ndiponso kuti mtsogoleri wa ulendowo anali kapolo wa mkulu wina wa Apwitikizi ku Tete, munthu amene iye ankamudziwa nkhope. Makalata anapita ku boma la Britain, kwa abwenzi ake, kwa akuluakulu a mipingo. M'buku lake la 1865 lonena za ulendo wa pa Zambezi anaikamo chiwerengero chimene anamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, chakuti anthu 19,000 ochokera m'dera la nyanja ya Malawi lokha ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya pachilumbacho chaka chilichonse. Anawonjeza kuti amenewo anali opulumuka chabe, pakuti mwa kuyerekeza kwake, pa anthu asanu alionse amene malondawo anawagwera, anayi kapena kuposa ankathera kunkhondo, ku njala ndi m'njira. Apwitikizi anapsa mtima. Boma la Britain linatopa ndi ulendo wodya ndalama wopanda phindu looneka, ndipo mu 1863 linamuitana kuti abwerere. Mkazi wake Mary anali atamwalira ku Shupanga mu 1862, bishopu uja atamwaliranso chaka chomwecho, mishoni imene anakamanga ku Magomero itapasuka. Pamaso pa anthu, munthuyo anali atalephera.

Pano ndiime kaye, pakuti pali mbali ya nkhaniyi imene sitikonda kuimva. Tikamakamba za ukapolo timafulumira kuloza chala Aluya a ku Zanzibar ndi Apwitikizi a ku Tete. Mlandu anali nawo ndithu, ndipo mlandu suwola. Koma Mluya sankadziwa njira ya kudambo kumene atsikana amatunga madzi, ankamulozera ndi mwini dera. Jumbe wa ku Nkhotakota, amene Livingstone anakambirana naye pansi pa mtengo mu 1863 osaphula kanthu, ankaolotsa anthu panyanja ndi zombo zake kuti akatsike ku Kilwa, koma omubweretsera anali mafumu ndi ankhondo a m'dziko momwemo, posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Kuno kwathu Achikunda ochokera ku Zumbo ndi ku Feira ankakwera ndi Luangwa, kugwira Ansenga, n'kufika mpaka kwa Asoli, eni nthaka imene tamangapo makomboni athuwa. Ku Ndola malo a mtengo umene ankagulitsirapo anthu akusungidwabe ngati chikumbutso. M'midzi yathu momwe munali akapolo. Munthu akapalamula mlandu wa imfa, banja linkalipa ndi mwana. Njala ikavuta, wamasiye ankasinthanitsidwa ndi chakudya. Wogulitsidwa kawirikawiri anali uja wopanda malume womuyankhulira. Khoswe akakhala pamkhate sapheka: choipa chikakhala cha wachibale kapena cha mfumu, aliyense amabweza mwala m'thumba poopa kuswa mkhate, khoswe n'kumanenepa.

Mu 1866 Livingstone anabweranso, ulendo uno kudzafuna gwero la mtsinje wa Nile. Anazungulira kumwera kwa nyanja ya Malawi, kudutsa m'midzi ya Achewa, kuoloka Luangwa mu Disembala, ndipo mu Januwale 1867 bokosi lake la mankhwala linapita ndi amtengatenga amene anathawa. Kuyambira pamenepo anali munthu wodwaladwala. Tsono imvani chodabwitsa. Amene ankamudyetsa, kumunyamula pamachira ndi kumusamala akadwala anali amalonda achiswahili omwewo amene iye ankawaneneza m'makalata. Iwowo sanali opusa. Ku Ujiji mu 1869 anapereka makalata oposa 40 kuti apite kugombe, koma inafika ndi imodzi yokha. Ena onse anathera m'njira. Iye anangoyambanso kulemba.

Pa 15 Julayi 1871 anali ku Nyangwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba, m'dziko limene lero ndi Congo. Linali tsiku la msika. Inu amayi a ku Soweto Market mukudziwa mmene msika umakhalira dzuwa likakwera: uyu akuitanira nsomba, uyo akunenerera mtengo, mwana ali kumsana. Panali anthu ngati 1,500, ambiri amayi. Anyamata atatu a amalonda analowa ndi mfuti, anavutana pang'ono ndi wogulitsa nkhuku, kenaka mfuti zinayamba kulira. Anthu anathamangira kumabwato, mabwato anadzaza n'kumira, ena anadziponya m'madzi zipolopolo zikuwatsata. Amalondawo paokha anati akufa anali pakati pa 330 ndi 400. Livingstone mtima unamuuza kuti asolole mfuti yake awombere akuphawo, koma mkulu wa amalonda anamuletsa. Chimene anatsala nacho ndi dzanja lolembera, chikhalirecho mapepala anali atamuthera, inki itatha. Anadula nyuzipepala yakale ya ku London yotchedwa The Standard, napanga inki ndi njere za chomera china cha kumeneko, n'kulemba mopingasa pamwamba pa zilembo zosindikizidwa. Inkiyo inafufutika ndi zaka, mpaka mu 2011 pamene akatswiri anaiwerenganso ndi kuwala kwa makina. Anapezamo zosonyeza kuti Livingstone ankakayikira ngakhale antchito ake omwe, kuti mwina nawonso anali ndi dzanja pa nkhanza za kumeneko, mfundo imene inafewetsedwa m'zolemba zimene dziko linadzawerenga.

Ndanena izi dala, ana anga, kuti musaganize kuti mboni iyenera kukhala mngelo. Munthu uyu anadya chakudya cha ogulitsa anthu. Anali wamakani, wovuta kuyenda naye, ndipo ana ake anakula osamuona. Akanadikira kuti ayambe wayera mtima ndipo kenaka alankhule, amayi a ku Nyangwe akanamira kawiri, m'madzi ndi m'kuiwalika. Tikamati ine ndine yani kuti ndinene, nanenso ndili ndi zanga, nthawi zambiri si kudzichepetsa ayi, ndi mantha atavala malaya a ulemu.

Kumapeto kwa 1871 Henry Morton Stanley, mtolankhani wa New York Herald, anamupeza ku Ujiji, ndipo posiyana mu Malichi 1872 ananyamula makalata ndi kope lake. Ulendo uno makalata anafika. Nyuzipepala za ku New York ndi ku London zinasindikiza, anthu m'matchalitchi ndi m'misonkhano anamva za msika uja, boma la Britain linagwidwa manyazi. Linatuma Bartle Frere kwa Sultan Barghash wa ku Zanzibar, koma Sultaniyo anakana. Ndiye John Kirk, amene kale anayenda ndi Livingstone pa Zambezi ndi pa Shire, anamuuza kuti zombo zankhondo zitsekera chilumba chonse. Pa 5 Juni 1873 Barghash anasaina, msika wa akapolo unatsekedwa, ndipo pamalopo panadzamangidwa tchalitchi chachikulu cha Anglican. Wolemba makalata uja sanamve zimenezi. Anali atamwalira pa 1 Meyi, milungu isanu m'mbuyomo, m'kanyumba ka udzu pamudzi wa Chitambo, kumwera kwa Bangweulu, muno m'Zambia.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife a masiku ano tikadandaula kamodzi kwa khansala za ngalande, mvula n'kubwera ngalande isanakumbidwe, timati boma silimva, tiyeni tingokhala. Kuchokera pa Mbame kufika tsiku losaina ku Zanzibar panadutsa zaka 12, ndipo ngakhale pepala limenelo silinathetse malonda kumtunda kuno. Mlozi anapitiriza kugulitsa anthu ku Karonga mpaka anapachikidwa mu Disembala 1895. Ku Barotseland, Litunga Lewanika analengeza kumasulidwa kwa akapolo mu 1906. Amene akufuna kuzula choipa chimene anthu akudyerapo ayambe wadziwa kuti mwina wodzakolola ndi mdzukulu wake.

Komanso kalata siyenda yokha, paja mutu umodzi susenza denga. Mwa ana amene anamasulidwa masiku a pa Mbame aja munali kamnyamata ka Chiyao dzina lake Chuma. Anakula, anaphunzirako ku Bombay, ndipo ndi iye pamodzi ndi Abdullah Susi amene anatsogolera anzawo kukwirira mtima wa Livingstone pansi pa mtengo kwa Chitambo, kuumitsa thupi ndi mchere padzuwa, n'kulinyamula makilomita oposa 1,500 mpaka ku Bagamoyo, ulendo wa miyezi 9. Ananyamulanso zolemba zake. Jacob Wainwright, nayenso womasulidwa ku ukapolo, ndiye analemba mndandanda wa katunduyo ndi kuzokota mawu pamtengo paja. Pamene Horace Waller ankasonkhanitsa zolemba zomalizazo kuti zikhale buku mu 1874, za masiku otsiriza ankafunsa Chuma ndi Susi. Ana a sukulu akamapita ku Livingstone Museum kukaona makalata m'magalasi, aphunzitsi aziwauzako mayina atatu amenewa.

Kutsidya kwa nyanja nako kunali abusa a mtima womwewo. Ku Boston, m'dziko la America, m'busa Theodore Parker wa mpingo wa Unitarian analembera anthu a dziko lake kalata yaitali yotsutsa ukapolo mu 1848. Lamulo la 1850 litanena kuti kapolo wothawa agwidwe n'kubwezedwa kwa mbuye wake, Parker anabisa m'nyumba mwake Ellen Craft, mayi wothawa ku Georgia amene ankapemphera mumpingo wake, anadalitsa ukwati wa mayiyo ndi mwamuna wake William, kenaka analembera pulezidenti Millard Fillmore kumuuza poyera zimene wachita. Anamwalira mu 1860, ukapolo ku America n'kudzathetsedwa mu 1865. Nayenso sanaone.

Amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona. Koma kalumo kamene kanatimeta kanatichekanso. M'mbuyo mwa amishoni munabwera atsamunda, ponena kuti akudzathetsa ukapolo, n'kutibweretsera msonkho, chitupa ndi thangata. Pa Magomero pomwe paja, pamene omasulidwa a pa Mbame anakakhala, panadzakhala esiteti ya banja la A. L. Bruce, mkamwini wa Livingstone, anthu n'kumalima thonje la mzungu mokakamizidwa. Apo amene anatola cholembera anali wathu, m'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe. Mu Novembala 1914 analembera Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi akuda ankafera pankhondo ya azungu. Boma linalamula kuti kalatayo ichotsedwe m'nyuzipepala, ndipo mu Januwale 1915 mwazi unakhetsedwa pa Magomero. Olamulira amene safuna kumva kwa wonyamula kalata amadzamva kwa wonyamula mkondo.

Tsopano tibwerere kuno ku komboni. Magoli a mtengo kulibe, koma ndani mwa ife sadziwa nyumba imene muli kamtsikana kochokera ku Petauke, ku Katete kapena ku Lundazi, kamene kanatengedwa ponena kuti kadzaphunzira sukulu m'tauni? Kamadzuka tambala asanalire, kuyatsa malasha pambaula, kukaima pamzere wa pampopi ndi chigubu cha malita 20, kusambitsa ana a eni nyumba n'kuwaperekeza kusukulu atavala yunifomu, iko kali ndi chitenje chimodzi. Masana kali pabeseni la zochapa, madzulo kakugulitsa pakantemba. Kamadya pomaliza, kugona kukhitchini pasaka. Malipiro ake amati tikumusungira, kapena amapita kumudzi kwa amene anakapereka. Mukafunsa, yankho ndi lakuti ameneyu ndi mwana wa mchemwali wanga. Mwina ndi zoona. Kulera mwana wa m'bale ndi mwambo wathu wabwino, ndipo ambiri amene lero akuyenda ndi mataye anaphunzira chifukwa cha azakhali kapena amalume a m'tauni. Koma mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kuyambira 2022 sukulu za boma n'zaulere mpaka giredi 12. Ngati wako ali m'kalasi, wa mnzako ali pamzere wa madzi, chodzikhululukira nacho n'chiyani?

Ena amatengedwa kupita kutali. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere: uthenga umabwera pa Facebook kapena pa WhatsApp, ntchito ya m'nyumba ku Oman, tikiti tikulipirira. Akafika, pasipoti imalandidwa, chitseko chimatsekedwa, ndipo wofuna kubwerera amauzidwa kuti ayambe wabweza ndalama zimene bwana anamugulira. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene anakodwa motero. Chimene chinawapulumutsa ndi mauthenga a pafoni otumizidwa mobisa, ndi mayi mnzawo wa ku Malawi wokhala ku America amene anawasonkhanitsa m'gulu la WhatsApp n'kuyamba kuulutsa kulira kwawo mpaka akuluakulu anamva. Ndipo pa 11 Disembala 2022 anthu a ku Ngwerere, pakhomo pathu pomwepa, anadzuka n'kupeza mitembo 27 itatayidwa m'mbali mwa msewu, anyamata amene apolisi anati ndi ochokera ku Ethiopia. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mitembo pafupifupi 30 inafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anthu amenewa sanagwe kumwamba. Galimoto inawanyamula, inamwa mafuta penapake, inadutsa m'matauni. Nyumba ina inawagoneka, wina anawaphikira. Alipo amene anaona.

Chetechete sautsa nyama. Ndikudziwa chimene chimatitseka pakamwa. Mwini nyumbayo ndi landilodi wathu, kapena ndi mayi wa chilimba chathu, kapena timakhala naye benchi limodzi kutchalitchi. Timaopa kutchedwa akazitape, timaopa kuuzidwa kuti mwezi ukatha tisamuke. Mantha amenewo si opanda pake, choncho sindikuti mukachite phokoso pamsewu. Pa nkhani ya mwana wa m'nyumba yambani mwaulemu, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Pitani awiri, mayi wamkulu ndi mlangizi, mukakhale pansi ndi mwini nyumba, mufunse moyo, kenaka mufunse kuti mwanayu ayamba liti sukulu. Ambiri sanakhalepo pansi n'kuganiza kuti akuchita nkhanza, anangotengera zimene anapeza ena akuchita, ndipo akadziwa kuti maso alipo amasintha.

Zikakanika, lembani. Musalembe kuti anthu aja ndi oipa mtima, imeneyo ndi miseche, ndipo mungapachike nayo munthu wosalakwa. Lembani zimene maso anu aona: dzina la mwana, kwawo, mwezi umene anafika, tsiku limene munamuona ndi mabala, nambala ya galimoto imene imatsitsa anthu usiku panyumba ya mpanda ija. Zambia ili ndi lamulo loletsa kugulitsa anthu kuyambira 2008, Malawi kuyambira 2015, koma lamulo lilibe maso. Wapolisi wa ku Victim Support Unit amagwira ntchito ndi zimene mwamupatsa m'manja. Pa nkhani ya mwana, nambala ya 116 ndi yaulere. Sungani kope la zimene mwapereka, chifukwa pepala loyamba likhoza kusowa, lachiwiri lomwe. Mukamabwererako musapite nokha, tengani mnzanu wina amene nayenso anaona.

Nanga inu abusa? Ku George, ku Mtendere, ku Kalingalinga, Lamlungu likafika ngakhale makalasi a sukulu amasanduka matchalitchi, ndipo palibe nyumba m'komboni imene mpingo sudziwa zochitika m'kati mwake. Amayi a mpingo amayendera odwala, amaona amene akutsuka mbale. Inu muli ndi pepala la mpingo ndi chidindo, ndipo kalata yanu ikafika kwa ahedi kapena kupolisi saiika pansi pa ena. Mumalembera akhristu anu makalata a umboni akafuna ntchito kapena ukwati, lemberaninso kamtsikana kaja. Mtsikana wa mumpingo akabwera kudzapempha pemphero la ulendo wa ku Oman, musanatseke maso mufunse dzina la amene akumutumiza, muone pepala la mgwirizano, mulembe nambala ya pasipoti yake m'buku la mpingo. Ndipo zikapezeka kuti wosunga mwana uja ndi mkulu wa mpingo amene amapereka chakhumi chochuluka kuposa onse, kalatayo ilembedwebe, dzina lake lilowemo.